Kalata yotseguka kwa Nduna yoona za magetsi

Olemekezeka a Nduna,

Ndikulemba kukupemphani kuti pamene boma likufunafuna njira zothetsera kuthimathima kwa magetsi, muike mtima kwambiri pa mabatire osungira mphamvu ya dzuwa, chifukwa kuwonjezera malo opangira magetsi a sola popanda posungira sikungathetse mdima wa madzulo.

Mukudziwa bwino kuti magetsi ambiri amene EGENCO imapanga amachokera pa mtsinje umodzi wa Shire, ku Nkula, ku Tedzani ndi ku Kapichira. Namondwe Ana atawononga damu la Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 nthawi imodzi, ndipo panapita chaka ndi miyezi makinawo asanayambenso kugwira ntchito. Eni zigayo, owotcherera zitsulo ndi ometa tsitsi ankakhala tsiku lonse manja ali m'khosi. Komanso magetsi akasowa, mabanja a m'tauni amathamangira makala, mitengo imatha m'mapiri, ndipo dothi lokokoloka limakadzaza m'madamu omwe aja, pamodzi ndi namasupuni amene amatseka polowera madzi kumakina. Motero kuthima kwa lero kumabala kuthima kwa mawa.

Ndiyenera kuyamikira zimene zachitika kale. Malo a sola a ku Salima, amene anatsegulidwa mu 2021, amapereka mamegawati 60, ndipo a ku Golomoti m'boma la Dedza amapereka 20. Koma dzuwa limalowa nthawi yomwe anthu akuweruka kuntchito, amayi akuteleka madzi a nsima ndipo ana akutsegula makope, ndiye kuti mphamvu ya sola imazimiririka pa ola lenileni limene ikufunika kwambiri. Mtambo wokha ukaphimba Salima masana, magetsi olowa m'nthambo za ESCOM amatsika mwadzidzidzi, ndipo makina a pa Shire amayenera kudzaza mpatawo mofulumira. Ku Golomoti anaganiza bwino poikapo mabatire a mamegawati 5, ngakhale kuti ndi ochepa poyerekeza ndi kusowa kwathu. Pempho langa ndi lakuti mgwirizano uliwonse watsopano wogula magetsi a dzuwa, umene ESCOM isaine ndipo bungwe loyang'anira zamphamvu la MERA livomereze, ukhale ndi gawo la mabatire, ndiponso kuti madzi ena a m'madamu azisungidwa masana, sola ikamagwira ntchito, kuti azipukusa makina madzulo.

Za ntchito yomanga damu latsopano la magetsi ku Mpatamanga, yomwe akuti idzapereka mamegawati oposa 350, sinditsutsa, koma nayonso ili pa Shire yemweyo, ndipo chilala chikatsitsa madzi a nyanja ya Malawi idzavutika limodzi ndi anzake. Magetsi ochokera ku Mozambique kudzera pa siteshoni ya magetsi ya ku Phombeya, m'boma la Balaka, adzathandiza, kungoti tidzawalipira ndi ndalama zakunja zimene zikusowa kale ngakhale zogulira mafuta a galimoto. Za majenereta a dizilo obwereka, tinaona tokha mtengo wake.

Musaiwalenso kumudzi, kumene anthu ochuluka sanalumikizidwe n'komwe. Ku Bondo m'boma la Mulanje, makina aang'ono opukusidwa ndi madzi a mtsinje wa Lichenya amaunikira midzi yozungulira popanda kudikira nthambo zochokera kutali. Ndikupempha kuti ndalama zina za MAREP, ndondomeko ya boma yofikitsa magetsi kumidzi, zipite ku ntchito zotere, kuyambira pa zipatala zazing'ono, sukulu za sekondale ndi misika, ndipo unduna wanu uzilengeza chaka chilichonse malo amene alandira magetsi ndi amene akudikirabe.

Ine wanu mwaulemu,
Nzika ya m'boma la Balaka