Lipoti la msonkhano wa za nkhokwe za deta ndi intaneti ya ogwira ntchito ali kunyumba

Apampando ndi anzanga nonse a m'gulu lathu lokonza malipoti,

Munandituma ku msonkhanowu ndi funso limodzi: kodi tiwonjezere ndalama zolipirira makina a nkhokwe yathu ya deta kuti malipoti azituluka msanga? Ndabwerako ndi maganizo akuti tisathamangire kutero. Tikamati lipoti likuchedwa, sitinayezepo n'komwe kuti nthawiyo ikuthera kuti, m'nkhokwemo kapena panjira yochokera ku seva kufika pa laputopu ya munthu ali kunyumba kwake. Ngati vuto lili panjira, makina amphamvu sangatithandize chilichonse.

Zokambirana zinayambira pa nkhokwe. Nkhokwe za masiku ano monga BigQuery ya Google, Redshift ya Amazon ndi Snowflake zimasunga deta motsatira makolamu, osati mizere. Tebulo la malonda likakhala ndi makolamu 80 koma inu mukufuna awiri okha, tsiku ndi ndalama, makina amawerenga awiriwo n'kusiya enawo osawakhudza. Mukalemba SELECT * mu query, lomwe ndi funso lolembera nkhokwe, ndiye kuti mwawalamula kuti awerenge onse 80. Pa BigQuery, kwa amene amalipira potengera kuchuluka kwa deta yomwe query yawerenga, chizolowezi chimenechi chimadya nthawi ndi ndalama zomwe. Anthu anaseka pamene wophunzitsa anatchula LIMIT, lamulo lochepetsa mizere ya zotsatira, poti tonse timaikonda. Pa tebulo wamba la BigQuery, kuika LIMIT 10 kumapeto kumangochepetsa mizere yomwe mukuiona, koma deta yowerengedwa ndi yolipiritsidwa imakhala yomweyo.

Chomwe chikutikhudza kwambiri ife ndi kugawa matebulo akuluakulu potengera tsiku. Tebulo likagawidwa motere, query yofunsa za mwezi umodzi imadumpha magawo ena onse. Koma zimatheka pokhapokha ngati mu WHERE, mbali ya query yosefera deta, mwatchula kolamu yomwe anagawira tebulolo. Mukasefa ndi kolamu ina ya tsiku, makina amafufuzabe tebulo lonse. Tebulo lathu lalikulu lija silinagawidwe, choncho lipoti la sabata imodzi limawerenga za zaka zonse. Anatikumbutsanso kuti ziwerengero zofunsidwa m'mawa uliwonse ndi bwino kuziwerengetseratu usiku n'kuziika m'tebulo laling'ono. BigQuery ndi Snowflake zimasunganso zotsatira za query kwa maola pafupifupi 24, moti mukafunsanso funso lomwelo ndendende deta isanasinthe, yankho limabwera nthawi yomweyo. Kungoikamo CURRENT_TIMESTAMP, lamulo lotenga nthawi ya pomwepo, mwayi umenewo watha, chifukwa funsolo limasanduka latsopano nthawi iliyonse.

Gawo lomwe linandigwira mtima linali la mayi wina wosamalira netiweki, yemwe sanaonetse chithunzi n'chimodzi chomwe koma anangowerengera masamu pa bolodi. Mapulogalamu ambiri satenga zotsatira zonse pakamodzi, amatapa pang'onopang'ono. Pulogalamu ya Oracle yolumikizira kudzera mu JDBC, njira yomwe mapulogalamu a Java amalankhulirana ndi nkhokwe, imabwera itatcheredwa kuti izitenga mizere 10 pa ulendo umodzi. Lipoti la mizere 100,000 ndiye kuti ndi maulendo 10,000 opita ku seva n'kubwerako. Mu ofesi momwe seva ili pafupi, ulendo umodzi ukamatenga mamilisekondi 2, kudikira konse ndi masekondi 20. Munthu yemweyo akakhala kunyumba pa intaneti ya foni, ulendo n'kumatenga mamilisekondi 150, kudikirako kumafika masekondi 1,500, zomwe ndi mphindi 25. Query ndi yomweyo, nkhokwe inamaliza kale ntchito yake, koma munthu akungoyang'ana sikirini n'kumanyoza seva. Mayiwo anafufuta 10 uja n'kulembapo 5,000. Maulendo anatsala 20, kudikira masekondi atatu. Zili ngati kutunga madzi ndi kapu pamene ndowa ili pambali. Ndikupempha kuti tonse tikayang'ane nambala imeneyi, yotchedwa fetch size, m'mapulogalamu omwe timalumikizira nawo.

Apa mpamene anatsindika kuti liwiro la intaneti lili pawiri. Pali kuchuluka kwa deta yodutsa pa sekondi, komwe makampani amalengeza ndi ma Mbps (mamegabiti pa sekondi), ndiye pali nthawi ya ulendo umodzi wopita n'kubwera, yomwe timayeza ndi ping. Yachiwiriyi ili ndi malire omwe ndalama sizingachotse. Kuwala kumayenda pafupifupi makilomita 200,000 pa sekondi m'chingwe cha faiba, kotero seva ikakhala pa mtunda wa makilomita 10,000, ping singatsike kupyola mamilisekondi 100 ngakhale mutalipira bwanji. N'chifukwa chake posankha dera loika nkhokwe tiyenera kuona komwe ogwiritsa ntchito ali. Masetilaiti akale okhala pa makilomita 35,786 m'mwamba amapereka ping ya mamilisekondi pafupifupi 600, pamene a Starlink, omwe amauluka makilomita mazana angapo chabe m'mwamba, amapereka yotsika kwambiri kuposa pamenepo.

Ma Mbps nawo amapusitsa. Baiti imodzi ili ndi mabiti 8, choncho intaneti ya 10 Mbps imakoka 1.25 MB pa sekondi, ndipo fayilo ya 1 GB imatenga mphindi zoposa 13 zinthu zikamayenda bwino. Kutumiza nthawi zambiri kumachedwa kuposa kukoka. Anzathu amene amakokera tebulo lonse mu Excel kuti akawerengetsere pa laputopu, chonde asiye. Kuphatikiza kuchitikire m'nkhokwemo, panjira padutse zotsatira zokha.

Za intaneti ya m'nyumba sanatalikitse, ndipo zambiri n'zosafuna ndalama. Rauta ikhale poonekera, pamalo okwera, chapakati pa nyumba, osati kuseri kwa TV kapena m'kabati. Wi-Fi ya 5 GHz imathamanga koma imafooka msanga ikadutsa makoma, ya 2.4 GHz imafika kutali koma imapanikizana ndi ya anthu oyandikana nawo, ndiye pamenepo sankhani tchanelo 1, 6 kapena 11, popeza ndi zomwe sizilowererana. Amene amagwirira ntchito pa desiki limodzi tsiku lonse angolumikiza chingwe cha Ethernet, chomwe chimagwira bwino mpaka mamita 100. Pasiwedi yolowera mu rauta yomwe inabwera ndi rautayo isinthidwe tsiku loyamba, ndipo chitetezo chikhale WPA2 kapena WPA3, poti pa netiweki imeneyo padzadutsa deta ya makasitomala athu.

Pa intaneti ya foni mafunso anachuluka. SIM khadi yatsopano ikamaonetsa netiweki koma intaneti osatseguka, yambani mwayang'ana APN, masetingi olumikizira foni ku intaneti ya kampaniyo. Timizere ta netiweki pa sikirini tisamakunamizeni, foni iliyonse imatiwerengera mwa njira yake. Nambala yodalirika pa 4G ndi RSRP, yoyeza mphamvu ya netiweki, yomwe imapezeka m'masetingi a rauta kapena a foni: cha m'ma -80 dBm ndi yabwino, ikafika -110 ndiye yafooka. Nthawi zina kungosunthira rauta pawindo loyang'ana ku mlongoti kumasintha nambalayo. Koma mlongoti umodzi umagawidwa kwa onse olumikizidwa, n'chifukwa chake madzulo intaneti imakwawa ngakhale timizere titadzaza. Polumikiza laputopu ku foni, chingwe cha USB chimakhazikika kuposa hotspot ya Wi-Fi, ndipo foni imatchajidwa nthawi yomweyo. Mukagwiritsa hotspot pa Windows, itchereni ngati metered connection, kutanthauza intaneti yowerengera bandulo, kuti ma update asamalize bandulo muli pakati pa ntchito.

Ndinafunsa za vuto lija loti ena amakanizidwa kulowa m'nkhokwe akakhala pa foni. Yankho linali losavuta. Makampani a foni ambiri amagawira makasitomala ochuluka adiresi imodzi ya IP, nambala yomwe munthu amadziwika nayo pa intaneti, m'njira yotchedwa CGNAT, ndipo adiresiyo imasinthasintha. Ife tinatchera nkhokwe kuti izilola ma IP olembedwa okha, ndiye lero munthu alowa, mawa akanizidwa. Kumangowonjezera ma IP sikungathetse vutoli, kukhozanso kutsegulira anthu osawadziwa omwe akugwiritsa adiresi yomweyo. Njira yake ndi VPN ya gulu, mpita wotetezedwa womwe tonse tingamadutsiremo, yokhala ndi IP yokhazikika, ngakhale nayo imawonjezera pang'ono pa ping.

Gawo lomaliza linali la ogulitsa, ndipo aliyense ankati makina ake ndiwo mankhwala a zonse. Ndinamvetsera, koma palibe chomwe ndingakuuzeni kuti tigule panopa.

Pempho langa kwa inu, Apampando, ndi lakuti chigamulo chowonjezera ndalama chiyambe chaima. Pakadali pano, aliyense amene lipoti lamuchedwera alembe nthawi yomwe query inatenga malinga ndi mbiri ya m'nkhokwemo, nthawi yonse yomwe iye anadikira, komanso ping yake, yopita ku rauta kenako ku seva. Ping yopita ku rauta ikakhala yokwera kale, vuto lili m'nyumba momwemo. Ndikupemphanso chilolezo choti ine ndi mnzanga mmodzi tiyese kugawa tebulo la malonda pa kope yoyeserera, tisanakhudze lenilenilo, ndipo tidzabweretse zotsatira pa nkhumano yathu ikubwerayi pamodzi ndi mtengo wa VPN.