Chiphaso chathu cha unzika achikana kunja

Mkonzi,

Ndalemba kalatayi mtima uli m'malere ndi mkwiyo. Kampani yakunja komwe ndinagula dzina la webusaiti ya bizinesi yathu ya uchi yatseka akaunti yanga, ati sakukhutira kuti ndine amene. Ndinawatumizira chiphaso cha unzika, chomwechi tinajambulitsa dziko lonse ku NRB mu 2017, chimene ndimatsegulira akaunti ku banki ndi kulembetsera nambala ya foni. Achikana. Akufuna pasipoti, kuphatikizapo bilu ya magetsi kapena ya madzi yokhala ndi dzina langa ndi nambala ya nyumba.

Bilu yake iti? Magetsi timagula mayunitsi pa foni, mita ili m'dzina la a landilodi. Keyala yanga ndi P.O. Box, ndipo mlendo timamulondolera kuti akafika pa chigayo akhotere kumanzere. Fomu yawo siyenda popanda dzina la msewu. Atakana zonsezo andiuza ndidzijambule nditanyamula chiphaso pafupi ndi nkhope, kenako makina awo ayankha kuti chithunzi sichikuoneka bwino. Munthu woti nkulankhula naye palibe. Tsiku lolandira ndalama zanga sanafunse kuti ndimakhala msewu uti! Madola amenewo ndinawapeza movutikira, aliyense akudziwa mmene zinthu zilili chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023.

Malamulo a mu 2013 a ICANN, bungwe loyang'anira mayina a mawebusaiti pa dziko lonse, amati wogulitsa dzina atsimikize imelo kapena foni ya wogula pasanathe masiku 15. Ine imelo ndinatsimikiza kalekale. Za pasipotizi azitenga kuti?

Ogulitsa satifiketi ya SSL, ya chitetezo cha webusaiti, yosonyeza dzina la kampani, nawo ndi amodzimodzi. Pepala la ku ofesi ya Registrar General silikuwakwanira, akufuna apeze nambala yathu ya foni m'kaundula wa makampani ngati wa Dun & Bradstreet. Kabizinesi ka uchi ka ku Mzimba kalowamo bwanji? Ena andiuza kuti ndingotenga yaulere ya Let's Encrypt, koma ndiyiyika pati pomwe dzina lenilenilo alitsekera? Makasitomala akuyesa tinagwa.

Chikundiwawa kwambiri n'chakuti zithunzi za chiphaso changa, kutsogolo ndi kumbuyo, tsopano zili m'makompyuta a anthu amene sindikuwadziwa. Aphungu athu anakhazikitsa lamulo loteteza mbiri za anthu, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2024, loyang'aniridwa ndi MACRA. Lamulolo liyenera kutiteteza ifenso tikamagula zinthu kunja.

A MACRA ndi a NRB alembere makampaniwa, awauze kuti chiphaso cha unzika ndicho chizindikiro chovomerezeka cha Mmalawi. Nawo a SDNP, amene amayang'anira mayina a mawebusaiti othera ndi .mw, atuluke adzilengeze kwa amalonda ang'onoang'ono, tizigula dzina konkuno ndi makwacha athu.

Wogulitsa uchi,
Mzimba