Agogo oiwalaiwala si afiti

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo za matenda oiwala a okalamba, amene madokotala amati dementia. Kuno ku Thyolo agogo akayamba kusochera m'minda ya tiyi, kuiwala mayina a ana awo kapena kutuluka usiku ali mbulanda, anthu amathamangira kunena kuti agwa pa ndege ya ufiti. Chonsecho ndi ubongo umene ukufooka, ndipo lamulo la 1911 limaletsa kutchula munthu mfiti.

Chimandipweteka kwambiri ndi amene amasenza mtolowu. Makolo akalawirira kukathyola tiyi, wotsala kusambitsa, kudyetsa ndi kulondera agogo amakhala mdzukulu wamkazi wa pulayimale. Ajomba lero, ajomba mawa, sukulu nkuthera pomwepo, aphunzitsi nkumayesa ulesi.

Sukulu za anamwino tili nazo pafupi, ku Malamulo ndi ku Mulanje Mission, komanso yunivesite ya zaumoyo ya Kamuzu (KUHeS) ku Blantyre. Kafukufuku wawo asamathere m'mawodi mokha ayi. Alowe m'midzi, adziwe kuchuluka kwa ana oterewa, ndipo zimene apeze azifikitse kwa alangizi a zaumoyo, mafumu ndi aphunzitsi, m'Chichewa ndi m'Chilhomwe momwe.

Ine wokhudzidwa,
Luchenza, Thyolo