Blockchain Sichotsa Juga M'mabokosi a Mwayi a M'magemu

Akonzi,

Ena akuti blockchain, kaundula wa pa intaneti wovuta kusintha zomwe zalembedwamo, ithetsa chinyengo cha mabokosi a mwayi omwe osewera magemu amagula osadziwa zomwe zili m'kati. Chinyengocho chilipodi: mu Januwale 2024 boma la South Korea linalipiritsa kampani ya Nexon ndalama zoposa mabiliyoni 11 a won (ndalama ya dzikolo) chifukwa chochepetsa mwayi wopata zinthu mu gemu ya MapleStory mwakabisira.

Njira yogwiritsa ntchito blockchain imayenda motere. Kampani isankhe nambala yachinsinsi, iidutsitse mu SHA-256 (masamu a pa kompyuta osandutsa nambala kukhala chidindo chosaulula nambalayo), chidindo chotulukacho ichilembe pa blockchain isanagulitse bokosi lililonse, pamodzi ndi mndandanda wa mwayi wa chinthu chilichonse. Pogula, foni ya wosewera iwonjezere nambala yakeyake ndi nambala ya bokosilo, ndipo nambala zitatuzi ndizo zisankhe chotuluka m'bokosimo. Pomaliza kampani iulule nambala yachinsinsi ija, aliyense awerengere yekha. Ikaisintha pakati, chidindo sichigwirizana.

Koma blockchain imasunga zimene yapatsidwa basi. Ngati seva (kompyuta yoyendetsa gemu) ya kampani ipereka lupanga la m'gemu losiyana ndi zomwe masamu atulutsa, wolondoloza ndani? Kulemba bokosi lililonse pa blockchain ya Ethereum kumalipiritsa, nchifukwa chake ndi bwino kulemba chidindo chimodzi cha mabokosi masauzande. Choipitsitsa nchakuti zopatazo zikasanduka NFT (umwini wa chinthu wolembedwa pa blockchain) zimagulitsika ndi ndalama zenizeni, apo ndiye juga yeniyeni. Ndipo makinawa sadziwa zaka za mwana amene watenga foni ya mayi ake.

Belgium inagamula mu 2018 kuti mabokosi olipirawa ndi juga, popanda blockchain. Kampani ya Apple yakhala ikulamula opanga magemu a pa mafoni ake kuulula mwayi kuyambira 2017, koma chofunika ndi bungwe loima palokha loyendera maseva.

Ine wowerenga wanu,
Blantyre