Tisaiwale zimene kafukufuku wa ku Chilumba anatiphunzitsa pa khate

A Mkonzi,

Chaka cha 1994 dziko lino linalengeza kuti khate silinalinso vuto lalikulu. Ambiri anamva ngati latheratu, pamene tanthauzo lake linali lakuti odwala achepa kufika pansi pa munthu mmodzi mwa anthu 10,000.

Tikumbukire ntchito ya Pulofesa Paul Fine wa ku London School of Hygiene and Tropical Medicine, amene pamodzi ndi Dr Jörg Pönnighaus anayambitsa kafukufuku wa khate ku Karonga, likulu la kafukufukuyo lili ku Chilumba. Sanadikire odwala kuchipatala. Ankayenda khomo ndi khomo, kuona khungu la aliyense, kulemba ngati ali ndi chipsera cha katemera wa chifuwa chachikulu (TB) wotchedwa BCG pamkono, ndipo akakayikira chikanga ankadula kachikopa kakang'ono n'kukayeza.

Kuchokera 1986 mpaka 1989 anthu oposa 120,000 analowa m'kafukufuku wa katemera. Zotsatira zinatuluka mu 1996: kubaya BCG kachiwiri kunachepetsa khate ndi pafupifupi theka, koma chifuwa chachikulu cha m'mapapo sikunachiteteze. Kuwonjezera tizilombo takufa ta khate m'katemeramo sikunaphule kanthu. Katemera amene timabaya makanda pofuna kupewa TB anapezeka kuti ku Karonga mphamvu yake yeniyeni inali pa khate.

Chimene chikuvuta lero n'kuzindikira. Khate limatha kubisala zaka zisanu, mwina kufika makumi awiri. Limayamba ndi chikanga choyererako chosayabwa, ndipo mlangizi wa zaumoyo amene sanalionepo amachiyesa chipere n'kupereka mafuta opaka. Kuyeza kwake sikulira ndalama: wodwala atseke maso, mumukhudze ndi kathonje pachikangapo ndi pakhungu labwino, aloze pamene wamva. Akapanda kumva pachikanga, mutumizeni kuchipatala. Zikanga zikakhala zosapitirira zisanu mankhwala ndi a miyezi isanu ndi umodzi. Zikaposa apo, chaka chathunthu. Ndi aulere. Mukachedwa, mitsempha imafa, munthu amapsa ndi moto osamva, zala n'kuyamba kupindika, ndipo mankhwala sabweza zimenezo.

Pempho langa ku Unduna wa Zaumoyo: alangizi aphunzitsidwenso kuyeza kumeneku, ndipo wodwala akapezeka, onse a pakhomo pake ayezedwe khungu chaka ndi chaka.

Wogwira ntchito zaumoyo,
Karonga