Khofi ali kuti pachithunzi chanu chija?

A Mkonzi,

Ndiloleni ndidandaule za chithunzi chomwe munaika pamwamba pa nkhani ija yotamanda dera la khofi la ku Colombia. Pansi pake munalemba kuti ndi minda ya khofi yomwe UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro ndi chikhalidwe, inavomereza kuti ndi chuma cha dziko lonse. Ndavala magalasi, ndavula, ndaitana mdzukulu wanga wa maso akuthwa, tonse sitinaone mtengo wa khofi ngakhale umodzi. Chomwe chilipo ndi msipu wa ng'ombe ndi akanjedza ataliatali a m'chigwa cha Cocora, pafupi ndi tauni ya Salento. Kapena ku ofesi kwanuko khofi amabereka pa kanjedza?

Musanene kuti ndi nkhani yaing'ono. Ine ndakalambira ntchito ya ulangizi pakati pa alimi a khofi, ndipo zimandiwawa nyuzipepala yathunthu, yokhala ndi akonzi ophunzira, ikamalephera kusiyanitsa munda ndi dambo lodyetsera ziweto. Palibe ngakhale mmodzi anafunsa? Akanjedza amenewo ndi okongoladi, ena amafika mamita 60, ndipo ndiwo mtengo wa fuko la Colombia. Koma aima payekhapayekha chonchija chifukwa nkhalango yomwe inawazinga inadulidwa kuti pakhale msipu, ndipo mbande zake sizikula pamtetete pomwe ng'ombe zikudya ndi kupondaponda. Ndiye mwatisonyeza malo owonongeka, nkumati tisirire kasamalidwe kake!

Werengani zomwe UNESCO yeniyeniyo inalemba mu 2011. Inatchula madera 6 a ulimi ndi matauni 18 m'zigawo za Caldas, Quindío, Risaralda ndi Valle del Cauca. Chomwe inalemekeza ndi mabanja olima timinda ting'onoting'ono m'mapiri otsetsereka, othyola khofi ndi manja kusankha wofiira yekhayekha, ndi nyumba zawo zomangidwa ndi nsungwi zomata dothi. Oyang'anira malowa ndi unduna wa zachikhalidwe pamodzi ndi bungwe la alimi a khofi la dzikolo, lomwe linayamba mu 1927. Mlimi ndiye mwini nkhani. Pachithunzi chanu mlimi palibe, dengu palibe, ndipo m'nkhani yonse simunamutchule koma kamodzi, pomwe mumanena kuti alendo amakonda kujambulitsa atavala chipewa chake.

Mlembi wanu anasiyanso dala zowawa. Pasanathe zaka ziwiri chilandirire ulemuwo, mu February 2013, alimi a khofi ku Colombia anatseka misewu kudandaula kuti mtengo wa khofi sukubweza ndalama zomwe alowetsa. Satifiketi ya UNESCO sinawagulire feteleza. Chigwereni mgwirizano wa mayiko wa mitengo ya khofi mu 1989, mlimi kumeneko amagona mtima uli m'mwamba podikira zomwe msika wa ku New York unene mawa. Chiwawu cha masamba nacho chinawasautsa koopsa cha m'ma 2008, mpaka minda yambiri inadzalidwanso ndi mtundu wopirira wa Castillo wochokera kumalo a kafukufuku a Cenicafé ku Chinchiná. Lero ena akuzula khofi nkudzala mapeyala a Hass ogulitsa kunja, ena asandutsa nyumba za kumunda kukhala malo ogona alendo, achinyamata athawira m'tauni. Chigawo chomwe chikutsogola pokolola khofi panopa ndi Huila, chomwe sichili nkomwe m'dera lotchukalo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere, koma inu mwatipatsa khungu lokha.

Chomwe chikundiopsa nchakuti akuluakulu athu amawerenga nkhani zoterezi. Phiri la Mulanje lalowa m'kaundula yemweyo wa UNESCO mu 2025, kutsatira Chongoni ndi nyanja yathu ku Cape Maclear, ndiye posachedwa timva wina pa msonkhano wa muhotela akunena kuti Misuku ndi Phoka nakonso kukhale ngati ku Colombia. Adzayamba ndi chikwangwani chachikulu pamphambano, kenako timabuku tosalala, kenako ulendo wa anthu khumi ndi awiri wokaphunzira kunja, ma alawansi ali m'thumba. Mlimi wa ku Misuku, yemwe khofi wake ali pakati pa nthochi ndipo mvula ikagwa galimoto imavutika kukwera kukamutenga, adzangouzidwa tsiku lobwera kudzavina. Pamisonkhano yotereyi, mwa njira, amatimwetsa khofi wa m'chitini wochokera kunja, koma iyo ndi kalata ina. Ndipo akuluakuluwo asaiwale kuti ulemu umenewu amalanda: Dresden ya ku Germany inachotsedwa m'kaundulamo mu 2009, Liverpool ya ku England mu 2021.

Konzani chithunzicho, ndipo kukonzako kukhale patsamba lomwelo, osati kakona kobisika pafupi ndi zidziwitso za maliro. Ngati ndalama yotumiza mtolankhani ku Colombia palibe, mukwezeni basi apite ku Chitipa nthawi yokolola, akaone khofi ndi maso ake, akafunse alimi kuti kilogalamu akugulitsa zingati ndiponso ndalamayo amailandira patapita miyezi ingati. Akanyamule nsapato zolimba, kumeneko nkokwera.

Mlangizi wopuma,
Mzuzu