Mpira wa ana osonkhetsa ndalama za umoyo, nanga ndalamazo zimathera kuti?

Akonzi,

Ndipatseniko kadanga ndidandaule pang'ono za mipira ija imakonzedwa m'matawuni muno amati ndi yosonkhetsa ndalama zophunzitsira achinyamata za umoyo. Sindikunena zongomva ayi, ine ndimaphunzitsa ana mpira madzulo pa giraundi ya pulayimale ina kuno ku Kasungu tawuni, anyamata ndi atsikana a zaka 10 mpaka 15, palibe amandilipira, ndipo masiku ambiri timamenya wachikulunga chifukwa mpira wachikopa tili nawo umodzi basi nawonso wosokasoka.

Chaka chatha anabwera anthu ena, sinditchula maina, akuti tikonze mpikisano wa matimu a ana wolimbana ndi Edzi ndi mimba za ana asukulu. Tinasangalala heve. Ana anga anayenda ndi zitini kumsika, kudepoti, m'magolosale, dzuwa lili pamutu, akabaza anaponyamo, amayi ogulitsa tomato anaponyamo timasenti tawo, pageti anthu analipiranso. Tsiku lenilenilo masipika anali pwiii kuyambira m'mawa, alendo olemekezeka anafika mochedwa ngati mwa nthawi zonse ana atakhala padzuwa opanda olo madzi, kenako zoyankhula, wina kuyamika mnzake, mnzakeyo kuyamika wina. Nesi amene anaitanidwa kuti ayankhule za umoyo anamupatsa maikolofoni fainolo itatha, kunja kukuda, ana onse atathamangira chikho. Ndinamumvera chisoni mayi uja, amayankhula ndi mipando.

Ndiye pakadutsa mwezi, miwiri, zii. Palibe lipoti, palibe lisiti, pa gulupu ya WhatsApp pangotsala zithunzi za anthu atagwira chikho. Kamnyamata kena ka timu yanga kanandifunsa kuti kochi, ndalama tinatolera zija zinagula chani? Ndinangoti tiyeni tiyambe kuthamanga. Mpaka lero funso lija limandisowetsa tulo, chifukwa amene anauza makolo kuti alole ana awo kuyenda ndi zitini ndi ineyo.

Musandimve molakwa, ganizo lenilenilo ndi labwino kwambiri. Mwana wa zaka 13 simungamukhazike pansi maola awiri kumuuza za kachilombo, koma muponyereni mpira muone, amabwera yekha ndi anzake asanu. Bungwe la Grassroot Soccer linayamba mu 2002 ndi anthu oti anasewerako mpira ku Bulawayo ku Zimbabwe ndipo anaona anzawo akutha ndi Edzi, iwowo nzeru yawo inali yoti phunziro likhale m'kati mwa masewero momwemo osati kumapeto. Ali ndi sewero lina loti mwana akudutsa ndi mpira pakati pa zizindikiro, chilichonse chikuimira chiopsezo, china zibwenzi zambirimbiri, china mowa, china chibwenzi ndi munthu wamkulu, ukagunda chimodzi pali chilango, ndiye ulendo wotsatira ukagunda chilangocho chimagwera timu yonse. Ine ndinayesa ndi mabotolo a sobo othiramo mchenga. Ana anaseka, anakangana, koma kenako mtsikana wina anati ndiye kuti munthu mmodzi akalakwitsa akulira ndi banja lonse eti? Palibe anamuuza, anazipeza yekha ali wefuwefu. Zimenezo sizinadye olo K1.

Ndipo zoti ana amve zilipo zambiri zoti n'zaulere kale, kungoti sakuzidziwa. Ndinafunsa ana anga kuti ndani akudziwa nambala ya Chipatala cha pa Foni, 54747, yoti utha kuimba n'kufunsa zomwe ukuchita nazo manyazi pamaso pa adokotala, onse anangoyang'anana. Ya 116 yothandiza ana ochitiridwa nkhanza chimodzimodzi. Katemera wa HPV woteteza khansa ya khomo la chiberekero anayamba kuperekedwa kwa atsikana a zaka 9 m'dziko muno mu 2019 koma mpaka pano amayi ena amabisa ana awo akuti ndi woumitsa mimba, nanga pabwalo la mpira pomwe amayiwo abwera kudzachemerera ana awo si pamalo pabwino poti nesi afotokoze bwinobwino? Kolera ya 2022 mpaka 2023 inatenga anthu oposa 1,700, taiwala kale, pamipirapo ana akumwera kapu imodzi m'chidebe chimodzi, akudya mandasi osasamba m'manja, pamene pachinsalu palembedwa kuti umoyo.

Kuno ku Kasungu tonse tikudziwa kuti msika wa fodya ukatsekulidwa ku Chinkhoma ndalama imayenda m'tawuni muno, mabala amadzadza, malo ogona alendo amadzadza, ndipo ndi nthawi yomweyo tiatsikana tathu timakopeka ndi tchipisi ndi mayunitsi. Ndiye ngati tikufuna kusonkhetsa tisonkhetse nthawi imeneyo anthu ali nazo m'thumba, komanso uthenga upite nthawi yomweyo ngozi ili pakhomo, osadikira kuti pafike chaka cha kampeni pomwe mabonanza amamera ngati bowa kenako mavoti akatha giraundi imamera udzu.

Pa ndalama pokhapo ndiye ndilimbapo. Ma banki m'khonde a amayi athu amawerenga ndalama pagulu aliyense akuona, bokosi lili ndi maloko angapo makiyi ali ndi anthu osiyana, iwowo sanapite ku yunivesite. Nanga ife a mpira chikutivuta n'chani? Zapageti ziwerengedwe pompo mpira usanathe, zilengezedwe pa sipika, zilembedwe pabolodi, za Airtel Money ndi Mpamba nazonso zionetsedwe, ndipo osunga akhale atatu, mmodzi akhale mayi wa mwana wosewera, wina akhale wachinyamata. Ngakhale a FAM pa Charity Shield amanena poyera komwe thandizo likupita. Ndalamazo zigule zinthu zoti mwana azigwira ndi manja, mipira, sopo, mapadi a atsikana oti asamajombe kusukulu ndi kumasewero, thiransipoti ya alangizi a zaumoyo kuti azibwera kawirikawiri osati tsiku limodzi pachaka. Osati theka lonse kuthera ma alawansi a komiti ndi mafuta a galimoto ya mlendo wolemekezeka, amenewo ali nazo kale.

China chondiwawa, atsikana amawaika kusewera 9 koloko m'mawa kulibe anthu, mphoto yawo kachidebe ndi mpira umodzi. Chonsecho mimba tikunenazo akutenga ndi iwowo. Tabitha ndi Temwa Chawinga anachokera ku Rumphi konkuja, lero dziko lonse likuwadziwa, ma Scorchers anatenga chikho cha COSAFA mu 2023, ndiye wina adziti atsikana ndi ongotsekulira bwalo? Aaa ayi.

Ife tagwirizana ndi makolo kuti tipanga kathu kakang'ono tokha masukulu akatsekera, popanda mlendo wolemekezeka, nesi adzayankhula pa hafu taimu ya fainolo anthu asanabalalike, ndipo fainolo ya atsikana ndi imene idzakhale yomaliza. Kamnyamata kanandifunsa kaja ndi kamene tikapatse choko kazilemba ndalama pabolodi.

Ine wanu,
Kochi wa ana, Kasungu tawuni